MZERE UMODZI PA TSIKU

Caka ciri conse, mvula yoyamba ikangogunda dothi m'boma la Lundazi, m'midzi mumabuka piringupiringu wosaneneka. Amene ali ndi ng'ombe amayamba kufunafuna goli limene analiponya kuseri kwa nkhokwe mwezi wa Januwale. Amene alibe amayenda khomo ndi khomo kupempha mnansi kuti akatsiriza munda wake adzawagaulireko nawonso. Amai amathamangira kumene anasungira mbeu, ndipo ena amapeza kuti anankafumbwe anafikako kale. Mlendo wodutsa pa mseu wocokera ku Chipata, poona thukuta liri kamukamu pa nkhope iri yonse, anganene kuti kuno ndiko kuli anthu akhama. Akhama alipodi. Koma khama lobwera mvula itagwa kale limafanana ndi la munthu wofolera nyumba madzi akudonthera pa mphasa.

Zokolola za mwezi wa Meyi zimagamulidwa kale m'miyezi ija imene anthu amaiyesa yopumula, kuyambira Juni kufikira Okutobala, pamene dzuwa limatuluka ndi kulowa popanda cokakamiza munthu kupita kumunda. Mvula ndi kapitao waukali: ikalamula palibe amene amakana. Cilimwe ciribe kapitao. Munthu wogwira nchito m'cilimwe amaigwira cifukwa wadzilamula yekha, ndipo luso limeneli la kudzilamula likusowa m'makomo ambiri kuposa fetereza amene amadandaulidwa pa msonkhano uli wonse.

Anthu amakonda kunena kuti wakutiwakuti anabadwa wakhama, ndipo mnzake anabadwa waulesi, ngati kuti khama ndi khungu. Wosunga ng'ombe ali yense akudziwa kuti si momwemo. Palibe mwana wa ng'ombe amene amabadwa akudziwa goli. Mwini amayamba kumuika goli m'mawa kwa kanthawi kocepa, mawa amamukokesa cipika, mkuja amamuyendetsa pambali pa ng'ombe yakale, mpaka tsiku lina nyamayo imadziimika yokha pa malo ake ikangomva mwini akutsegula khola. Mtima wa munthu umaphunzira mofananamo. Umafuna nchito yaing'ono, yodziwika polekezera pake, yobwera pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ndipo m'Cigawo ca Kum'mawa nchito yotere iripo kale, dzina lake ndi gamphani.

Ulimi wa gamphani si wacilendo kwa Mwase, kwa Mphamba kapena kwa Kapichila. Unafala pambuyo pa cilala coopsa ca 1991 ndi 1992, pa nyengo imene Boma linali litacotsa cithandizo cake pa mtengo wa fetereza ndipo matenda anali atatha ng'ombe m'makola ambiri. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linakhazikitsidwa mu 1996 pansi pa bungwe la alimi la Zambia National Farmers Union, linayamba kuphunzitsa alimi a khasu kuti m'malo motembenuza munda wonse caka ndi caka azikumba maenje okhazikika. Dzenje liri lonse limakhala masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake, ndiko kuti pafupifupi kutalika kwa cikhato ca munthu wamkulu. Kuya kumeneku kuli ndi cifukwa: khasu ndi pulao zikamalekeza pa muyeso umodzimodzi kwa zaka zambiri, pansi pake pamapangika dothi lolimba limene mizu ndi madzi sizitha kuboola, ndipo dzenje la gamphani limaswa dothi limenelo. Maenje amatalikirana masentimita 70 mu mzere, ndipo mizere imatalikirana masentimita 90. Cingwe copanidwa zitsekerero za mabotolo ndico cimasonyeza pokumba. Khasu lake ndi lija lolemera lochedwa chaka.

Pa hekitala imodzi pamalowa maenje oposa 15,800. Ciwerengero cimeneci cathawitsa anthu ambiri, ndipo n'zomveka. Munthu woima pa ngodya ya munda wouma, khasu liri pa phewa, akamva kuti maenje ndi 15,800, miyendo imalefuka asanateme n'kamodzi komwe. Colakwa ciri pa kayang'anidwe. Acikulire amakumbukira ndondomeko ya Lima ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene alangizi anagawira alimi cingwe coyezera munda ndi kakapu koyezera fetereza, ndi kuwaphunzitsa kuti hekitala imodzi ndi malima anai. Lima imodzi ndi mamita 50 mbali iyi ndi mamita 50 mbali inayo. Mu mzere wa mamita 50 mumalowa maenje 71, ndipo mu lima yonse mumalowa mizere 55. Conco banja lokumba mzere umodzi wokha pa tsiku limatsiriza lima yathunthu m'masiku 55. Likamapumula pa Sondo, ndi masabata 9 ndi tsiku limodzi. Loyamba pa 1 Juni limakhala litamaliza kuciyambi kwa Ogasiti, ndipo likafuna lima yaciwiri nthawi imakhalapobe mvula isanafike. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ubwino wa mzere ngwakuti sulola bodza. Munthu wonena kuti lero akagwirako pang'ono kumunda sananene kanthu, cifukwa pang'ono alibe malire; amatha pamene msana wayamba kuwawa, kapena pamene wamveka mluzu wa anzake pa njira ya kumsika. Mzere uli ndi cikhomo poyambira ndi cikhomo pothera. Wafika pa cikhomo kapena sanafike, ndipo mwana wa zaka zisanu atha kuweruza mlanduwo. Komanso mzere umaletsa munthu kupyola. Pali alimi amene tsiku loyamba amadzuka ndi moto mumtima nakumba mizere inai mpaka zikhato zitacita matuza, ndipo tsiku laciwiri sadzuka, lacitatu amapeza cifukwa, lacinai khasu labwerera pa tsindwi. Wodziletsa weniweni amaleka pa cikhomo ngakhale mphamvu zikadalipo, kuti mawa adzabwere wosaopa. Kuleka kotere n'kovuta kwa anyamata kuposa kuyamba.

Nthawi nayo iyenera kukhala imodzi. Mzere wa maenje 71 umadya maola awiri kapena atatu a munthu mmodzi, ndipo mwamuna ndi mkazi akagawana umatha dzuwa lisanapse. Ukaikidwa m'bandakuca, phala lisanadyedwe ndi mlendo asanagogode, palibe cimene cimaulanda malo. Ukasiyidwa kuti udzagwiridwe mpata ukapezeka, mpatawo supezeka, pakuti cilimwe ca ku Lundazi cimadzaza ndi zake. Ndiyo nyengo yogulitsa cimanga, nshawa, soya ndi thonje, nyengo yodikira pa mzere ku madepoti a Food Reserve Agency, nyengo ya maukwati, ya mpira, ndi ya mowa umene umafululidwa pa khomo liri lonse ndalama za zokolola zikalowa m'mudzi. Zambiri mwa izi si zoipa. Koma zonse zimayamba dzuwa litakwera, ndipo wotsiriza mzere wake m'mawa amapitako mtima uli m'malo.

Cifukwa coyambira mu Juni osati mu Okutobala cimadziwika kwa ali yense amene anayesapo zonse ziwiri. Zokolola zikangocoka m'munda, dothi limakhala likadali ndi cinyezi pang'ono ndipo khasu limalowa. Pofika Okutobala nthaka imakhala mwala, dzuwa limalasa m'mutu, ndipo dzenje limodzi limadya mphamvu za maenje atatu. Ambiri mwa amene amachula gamphani kuti ndi ulimi wopha msana anauyesa mu Okutobala. Zengerezu analinda kwaukwau.

Mphotho yake imaoneka pa tsiku la mvula yobzalira. Mlimi wa maenje okonzeka, amene anathiramo kale manyowa nakwirira, amangotenga mbeu n'kubzala munda wonse tsiku limodzi kapena awiri, pamene mnansi wake akudikira ng'ombe za eni. Akatswiri a zamalimidwe amawerengera kuti tsiku liri lonse locedwa kubzala cimanga, mvula yobzalira itagwa, limacotsa gawo 1 kapena 2 pa magawo 100 a zokolola. Wocedwa masabata awiri pa munda wotulutsa matumba 10 wataya thumba limodzi ndi theka, mwinanso pafupifupi atatu, popanda mbava kulowa m'munda. Mvula yoyamba imadzutsanso cakudya ca mbeu cimene cinagona m'nthaka cilimwe conse, ndipo mbeu yocedwa imapeza cakudyaco citakokoloka. A Steven Haggblade ndi a Gelson Tembo, amene analemba za ulimi umenewu m'Zambia mu 2003, anapeza kuti alimi a maenje anali kubzala msanga kuposa olima ndi pulao, ndi kuti nchito yokonza maenje imacepa pafupifupi ndi theka pakapita zaka zingapo, cifukwa mlimi amangotsegula maenje akale amene dothi lake linafewa kale. Anaonanso cinthu cina cofunika pa nkhani ino: amene anaulandira msanga ulimiwu anali alimi a thonje. Thonje ndi mbeu yosakhululuka. Limafuna kupalira pa nthawi, kupopera mankhwala pa nthawi, kutola mobwerezabwereza. Amene linawaphunzitsa kusunga tsiku sanavutike kusunga cingwe ndi muyeso. Khalidwe lophunziridwa pa nchito imodzi limasamukira pa nchito ina.

Si alimi okha amene akufunafuna njira yodzilamulira. M'dziko la America munthu wina wamalonda, a Andy Frisella, anayambitsa mu 2019 ndondomeko yochedwa 75 Hard, imene yafala m'mizinda ya maiko ambiri. Wolowamo amalonjeza kuti kwa masiku 75 otsatizana adzacita masewera olimbitsa thupi kawiri pa tsiku, mphindi 45 ulendo uli wonse, kamodzi panja. Adzamwa madzi pafupifupi malita 4. Adzawerenga masamba 10 a buku lophunzitsa. Adzasunga lamulo la kadyedwe popanda kulawa mowa. Ndipo adzadzijambula cithunzi tsiku liri lonse. Mlimi wa kwa Kapichila angaseke kumva kuti kuli anthu amene amanyamula zitsulo zolemera pamalo posamera kanthu, ena mpaka kulipira ndalama kuti atuluke thukuta limene iye amalitaya ulere. Koma anthu amenewo azindikira cinthu coona. Aona kuti mtima sulimba ndi malonjezo a pa 1 Januwale, umalimba ndi nchito yoyezedwa, yowerengeka, yobwerezedwa.

Pali lamulo limodzi la ndondomeko imeneyo limene siliyenera kuoloka nyanja kufika kumudzi. Limati wophonya tsiku limodzi, ngakhale la 74, ayambirenso pa tsiku loyamba. Lamulo lotere lingayenere munthu wokhala yekha m'nyumba ya m'tauni, koma kumudzi maliro sapempha cilolezo. Nyakwawa ikalengeza zovuta, khasu limapita ku manda, ndipo wopita kumunda kwake tsiku limenelo adzadziika yekha. Malungo nawo safunsa kalendala. Ofufuza a pa University College London, motsogozedwa ndi mai Phillippa Lally, anatsatira anthu 96 amene ali yense anasankha kanthu kamodzi kocita tsiku ndi tsiku, monga kumwa madzi pa cakudya ca masana kapena kuthamanga pang'ono madzulo. Zimene anapeza, zofalitsidwa mu 2009, zinasonyeza kuti cizolowezi cimatenga masiku pafupifupi 66 mwa kuwerengera pakatikati kuti cikhazikike, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndi kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa cimene camangidwa. Masiku 55 a lima imodzi sali kutali ndi 66 amenewo. Coopsa ndi tsiku laciwiri lophonya popanda cifukwa, ndi lacitatu limene limabwera losavuta. Wobwera ku maliro atenge khasu m'mawa mwake napitirize pa cikhomo pamene analekeza, osalipira ngongole ya mizere itatu tsiku limodzi.

Ofufuza ena amene anabwera pambuyo anapeza kuti alimi ambiri oyamba gamphani amausiya pakapita caka cimodzi kapena ziwiri. Otsutsa ulimiwu amagwira mfundo imeneyi mwamphamvu, ndipo sanama. Munda wosagaulidwa umamera udzu wambiri m'zaka zoyamba, ndipo kupalira kumalemera kwa wopanda ndalama ya mankhwala a udzu. Koma cifukwa cina ca kusiya ciri pa momwe ulimiwu unafikira m'midzi yambiri. Unabwera pamodzi ndi mphatso: mbeu yaulere, fetereza, khasu, njinga ya mlimi wotsogolera. Anthu anakumba maenje kuti mlendo wa galimoto yoyera awaone, kawirikawiri pa kamunda ka m'mbali mwa mseu, ndipo galimoto italeka kubwera maenje anakwiririka. Amenewo anali ndi kapitao wina m'malo mwa mvula, ndipo kapitao atapita nchito inapita naye. Mlandu umenewu ngwa opatsa ndi olandira omwe. Dzenje lokumbira thumba la mphatso silimanga cizolowezi ciri conse koma ca kudikira mphatso.

Izi sizitanthauza kuti munthu asamaonedwe ndi anzake. Diso la mnansi ndi lina, diso la wopereka mphatso ndi lina. Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'dera la cigwa ca Luangwa ndipo Lundazi anali amodzi mwa malo ake oyambirira, linaika alimi m'magulu ang'onoang'ono, gulu liri lonse ndi mlimi wotsogolera wa m'mudzi momwemo, ndipo linagula zokolola zao m'malo mongowagawira zinthu. Ena mwa amene analowa m'maguluwo anali osaka nyama mobisa amene anapereka mfuti ndi misampha yao nagwira khasu. Phunziro lake kwa banja lofuna kuyamba mzere wa tsiku ndi tsiku ndi lakuti lisayambe mobisa. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana minda akapangana, nauzana madzulo kuti mzere wa lero watha, ulesi umacita manyazi. Mwana wa sukulu atha kupatsidwa udindo wolemba kamzere ndi khala pa cipupa ca khichini tsiku liri lonse limene mzere watsirizika. Timizere timeneto tikafika 20, bambo amene mtima unali kumukokera ku mowa wa m'mawa amayamba kuumira kuti asadule cingwe cimene wacipota yekha.

Mau akuti cilimwe ndi nyengo yopumula ngoona kwa amuna okha. Amai a ku Lundazi m'miyezi imeneyi amakhala akusenda nshawa, kupuntha nyemba, kutonola cimanga, kumweta udzu wofolera ndi kutunga madzi pa zitsime zimene zikunka zitalikira. Kuwasenzetsanso mizere 55 pamwamba pa zonsezi, mwamuna ali pa bawo, n'kusandutsa nzeru yabwino kukhala goli. Khasu la chaka ndi lolemera, ndipo mwini wake woyenera ndi bambo ndi anyamata a pakhomo. Ngati banja lagawana mzere, ligawanenso mtolo wa nkhuni. Okalamba, odwala ndi amai amasiye amene sangathe mzere wathunthu atenge theka, kapena maenje 20. Muyeso woyenera ndi umene munthu angaukwanitse ngakhale pa tsiku limene thupi silikufuna. Theka la mzere pa tsiku limatsiriza lima m'masiku 110, ndipo woyamba mu Juni amamalizabe mvula isanabwere. Amene ali ndi ng'ombe ali ndi njira yao, ya cipangizo cong'amba nthaka ca Magoye cimene cimamangidwa pa mtanda wa pulao, ndipo naco cimafuna kugwiritsidwa nchito m'cilimwe momwemo.

Pali adani awiri amene khama la munthu mmodzi silingawagonjetse. Woyamba ndi moto. Gamphani amafuna kuti mapesi atsale m'munda kuphimba nthaka, koma osaka mbewa amatentha munda wa mwini usiku umodzi, ndipo cophimba ca caka conse cimasanduka phulusa cifukwa ca ndiwo za tsiku limodzi. Waciwiri ndi ng'ombe ndi mbuzi zimene, mwa mwambo, zimatayiriridwa zokolola zikatha. Zimadya mapesi ndi kupondereza maenje. Apa mpamene kudzilamula kwa banja kumafuna lamulo la mudzi. Nyakwawa ndi nduna za mafumu ziri ndi mphamvu yoika malire a kodyetsera ziweto ndi yolipiritsa wotentha munda wa mnzake, ndipo kumene mphamvuyo imagona, wakhama amagwirira nchito osaka mbewa. Ndi kupanda cilungamo kulalikira khama kwa mlimi pa msonkhano, ndi kukhala cete pamene maenje ake apondedwa ndi ng'ombe za munthu wolemekezeka.

Maenje sagwetsa mvula. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca nyengo imeneyo cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni obzalidwa cinaonongeka. Kumene dzuwa linaima masabata asanu, wa gamphani ndi wa pulao analira pamodzi. Cimene dzenje limacita n'kusunga madzi amene agwa, kuti alowe pa mizu m'malo mothamangira ku dambo, ndi kupatsa mbeu masiku oonjezera opirira pamene mvula yadula. M'zaka zambiri ng'amba imakhala ya masabata awiri kapena atatu, ndipo m'zaka zotere masiku oonjezerawo ndiwo amasiyanitsa nkhokwe yodzaza ndi ya theka.

Banja limene latsiriza mizere 55 limapeza kuti m'bandakuca thupi likudzuka lokha, ndipo ola limenelo lisasiyidwe lopanda nchito. Mu Ogasiti ndi Seputembala muli kututa manyowa ku khola, ngolo imodzi kapena madengu angapo pa tsiku, ndi kulambula malire a munda kuti moto usalowe. Mu Okutobala muli kuthira manyowa m'maenje ndi kukwirira, kusiya kadzenje kosaya kolandirira madzi, mizere iwiri kapena itatu pa tsiku popeza nchitoyi njopepuka. Kuciyambi kwa Novembala muli kusankha mbeu, kuyesa njere zowerengeka pa kamalo konyowa kuti zioneke ngati zimera, kunola makasu opalirira ndi kuona ngati cingwe sicinadyedwe ndi ciswe.